Kandege ka Edmundo ndi bafa la apongozi

Edmundo Mulipa ali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri. Amakonza mafoni ndi mawailesi pa Limbuli. Ndi mkamwini ku banja la a Nakhumwa, kumunsi kwa msewu wopita ku Muloza. Mkazi wake ndi Joice, ana alipo atatu, woyamba ndi Sharon. Ine ndine malume ake, ndinenso nkhoswe ya banja lake.

Tinawoloka malire nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, iye ali kumsana kwa mayi ake, mlongo wanga. Anakulira m'malaini a esiteti ya tiyi. Sukulu anasiyira panjira. Ali mwana ankatsegula chilichonse chokhala ndi sikuluwu. Anatsegula wailesi yanga ndipo siinayankhulenso. Atakula anaphunzira kutseka zimene watsegula, imeneyo ndiyo inasanduka ntchito yake.

Kuno mwamuna akakwatira amapita kwa mkazi. Nyumba amamanga ndi iye, koma dothi ndi la eni. Edmundo anamanga ya njerwa zootcha, anaika simenti pansi, anadzala chinanazi ndi mapeyala. Sankamwa mowa, sankamenya mkazi. Apongozi ake aakazi, mayi Ernestina, chikwatirire sanawayang'anepo kumaso. Akakumana panjira, iye amapatukira m'munda navula kapusi, iwo amatembenukira kuphiri. Mawu onse amadzera mwa Joice. Mayi Ernestina amatha kuima pakhomo, Edmundo ali pomwepo pakhonde, n'kunena kuti, "Joice, uwawuze bambo a Sharon kuti mbuzi yawo ikudya kholowa wanga." Joice amatembenuka n'kubwereza. Ndiwo ulemu wake. Edmundo anausunga, ndipo panalibe amene anali naye chifukwa.

Matenda a kandege anawatenga chaka cha namondwe Freddy. Madzi atakokolola midzi ya m'mphepete mwa phiri, kunabwera anyamata a bungwe lina ndi duloni, kandege ka mapiko anayi kopanda munthu. Anakaulutsa pa bwalo la sukulu. Wogwira rimoti analola anthu kusuzumira pa foni yake. Anaona madenga awo, manda, mpaka nkhuku za a Bonface zikufukula m'dimba la eni. Aliyense anachoka atadziwa kuti kandege kamaona. Edmundo anachoka atadziwa kuti kali ndi masikuluwu.

Koyamba anapanga ndi zimene zinali m'shopu. Mamota anachotsa m'mawailesi a makaseti ndi mu draya ya tsitsi. Thupi linali la nsungwi, mapiko anasema ku chigubu. Atalumikiza batire, kanthuko kanalira ngati udzudzu, kanayenda pa tebulo, kanafika kumapeto, kanagwa. Anyamata a kabaza amene amaimika njinga patsogolo pa shopu yake anakatcha nkhuku ya Edmundo.

Sanagwe mphwayi. Anayamba kuonera mavidiyo pa foni, a Chingerezi ndi a Chipwitikizi. Chipwitikizi amachimva bwino. Anatuma dalaivala wa thiraki yopita ku Joni kuti amubweretsere zipangizo zenizeni: mamota anayi, mapiko, batire, rimoti, kamera, ndi kabolodi kamene ankati ndi ubongo wake. Zonse zinafika kupatula kamera. Dalaivala anati anaiwala. Thupi anapanga ndi eliyo ya TV ndi mapaipi a magetsi, miyendo ndi masipoko a njinga, zonse anamanga ndi malegeni.

Mapiko awiri amayenera kuzungulira chakumanja, awiri chakumanzere. Vidiyo inanena zimenezi, koma nthawi imene inkanena bandulo inali itatha. Edmundo anaika onse mofanana. Kandege kanazungulira pansi ngati nguli n'kukagunda njinga ya Kingstone, wa kabaza wolongolola kuposa onse. Tsiku lina anaika mapiko chadodolido. M'malo mokwera, kandege kanakanirira pansi n'kuwuzira fumbi lonse m'chiwaya cha mnyamata wa tchipisi. Ulendo wina kanadzuka mbali imodzi, kanagudubuka, kanamucheka pamsongolo. Chipsera chilipo. Batire loyamba linatupa ngati mandasi. Joice analiletsa m'nyumba, ndiye ankalitchaja panja mumphika wadothi wothira mchenga.

Pambuyo pake anachenjera. Anakhoma chikhomo pa bwalo la sukulu, anamangirira kandege ndi chingwe ngati mbuzi. Kanakwera kufika m'chiuno, tsiku lina kufika m'mutu, kenako kufika pa denga la kalasi, kali pa chingwe. Anyamata a kabaza anasiya zoti nkhuku. Anayamba kumuitana kuti Piloto.

Akanalekera pomwepo, bwenzi ali kwake.

"Piloto, diso lili kuti?" anafunsa Kingstone tsiku lina, kandege kali pa tebulo. "Ka anyamata a bungwe kaja kanali ndi diso pamimba."

"Likubwera," anatero Edmundo.

"Ndiye n'kakhungu? Anyamata, tisonkherane tikagulire ndodo."

"Kapena tizikagwira dzanja powoloka msewu," anatero wina.

Anaseka mpaka wa tchipisi yemwe, amene anali asanakhululuke za fumbi lija.

M'mawa mwake kandege kanabwera ndi diso. Linali lozungulira, lonyezimira, lokulungidwa ndi tepi yakuda pamimba. Pa rimoti Edmundo anamangirirapo foni ndi legeni, monga ankachitira anyamata a bungwe. Kandege kakakwera, iye ankayang'ana pa foniyo n'kumagwedeza mutu. Wofuna kusuzumira ankamukankha ndi chigongono, amvekere zimenezi zimafuna laisensi.

Kingstone anamuyesa. "Ngati kamaonadi, pa denga langa pali chiyani?"

Edmundo anakweza kandege mpaka chingwe chinakungika. Anayang'ana pa foni. "Miyala. Ndi tayala lakutha."

Kingstone anakhulupirira. Denga lililonse pa Limbuli lili ndi miyala ndi tayala lakutha, koma palibe amene anaganiza zimenezo. Mayi wina wa tomato anauzidwa kuti nkhuku zikudya chimanga chimene wayanika. Anathamanga, anazipezadi. Nkhuku sizikhala ndi ntchito ina. Mbiri inawanda mpaka ku Milonde. Bambo wina amene amakonda njira ya kuseri kwa chigayo masana anayamba kumupatsa Edmundo moni wa manja awiri. Wina anamubweretsera phava la nthochi popanda chifukwa. Ena kandege kakalira ankayenda pansi pa mitengo.

Ndinamufunsa ndili naye awiri. "Kodi kanthuka kamaonadi?"

"Amalume, zimenezi ndi za sayansi," anatero.

Ndinamusiya ndi sayansi yakeyo.

Mu Juni kunabwera chiperoni. Wosadziwa chiperoni adziwe kuti ndi mvula yowaza ndi nkhungu ndi chisanu, ndipo sichichita changu kuchoka. Kandege sikauluka m'chiperoni. Munthunso sasamba m'chiperoni. Amangosukusula, n'kuvala juzi pamwamba pa juzi. Edmundo anakhala m'nyumba akuyang'ana kumwamba, ndipo m'masiku amenewo anaganiza zoti chingwe chamukwana.

Loweruka dzuwa linatuluka. Bwalo la sukulu linali matope okhaokha, ndiye anati aulutsire pakhomo. Dzuwa lomwelo linatulutsanso azimayi onse a mudziwo ndi ndowa za madzi otentha.

Bafa la kuno ndi mpanda wa udzu, pansi miyala, pamwamba palibe kanthu. Palibe amene anaganizapo za denga, chifukwa kumwamba kunkadzera akhwangwala okha.

Edmundo anamasula chingwe. Kandege kanakwera bwino, kanapitirira mtengo wa mapeyala. Kamphepo kochokera kuphiri kanakatembenuza, kanayang'ana kwa iye. Apa ndi pamene anaphunzira zimene chingwe chinkamubisira: kandege kakakuyang'ana, kumanja kwako ndi kumanzere kwake. Anakankha kandodo ka rimoti kuti kapite ku munda wa chinanazi. Kanapita kwa apongozi. Anakankha kwambiri. Kanapita kwambiri. Atachita mantha anasiya zonse, ndipo kandege kanaima m'malere osagwedera, kuima kumene kanali kasanaimepo chipangireni. Kanaima pamwamba pa bafa la mayi Ernestina, diso lili pansi.

Munthu wina akanathamangirako. Mkamwini sathamangira ku bafa la apongozi. Edmundo anaima pamene anali, ndipo pozolowera, anaweramira pa foni ija. Alamu ake awiri aakazi anamuona akuyang'anitsitsa pa foni, kukamwa kuli yasa.

Mayi Ernestina anathyola tiyi moyo wawo wonse. Mkono ali nawo. Anayamba ndi mwala wokhulira mapazi, anaphonya. Anatenga chitenje chonyowa, anachizunguza, anachiponya. Chinakola mapiko. Kandege kanagwera m'ndowa.

"Joice!" anakuwa ali mkati. "Joice! Uwawuze bambo a Sharon kuti..."

Sanamalize. Mwambo wathu ulibe mawu a zimenezo.

Atavala anatuluka nako atakagwira ndi nsalu ngati mphika wotentha. Anamanga diso ndi kansanza, anavundikira kandege ndi dengu, anatsindika mwala pamwamba. Madzulo Edmundo anakagona ku shopu. M'mawa mwake kunabwera uthenga kwa ine kuchokera kwa a Yakobo, mchimwene wa mayi Ernestina, mwinimbumba, nkhoswe ya kuchikazi. Anali kapitawo ku esiteti, ndipo chipumireni ntchito akusowa anthu owalamula.

Tsiku la mlandu ndinadzera ku shopu kukamutenga. Panjira ndinamuuza.

"Mlanduwu ndi waufupi. Ukanene kuti kandege n'kakhungu."

"Amalume, mwadziwa bwanji?"

"Sindikudziwa. Kaya kamaona, kaya sikaona, ukanene kuti n'kakhungu. Nyumba ija, chinanazi chija, ana aja, zonse zili pa dothi la eni. Akakuchotsa utenga chikwama ndi sukuludalaivala."

Tinayenda pang'ono. Kenako anati, "Nanga a Kingstone akamva?"

"Kingstone ndi mkazi wako?"

Tinakhala pabwalo pa a Yakobo. Mayi Ernestina anakhala pa mkeka atatifulatira. Edmundo anakhala pa njerwa atayang'ana nkhokwe. Joice anali pakati, mpango uli m'manja. Dengu lija analiika patsogolo ndi mwala wake. Mlandu wa banja sakhalapo anthu akunja, ndiye anthu akunja anakhala kuseri kwa mpanda. Tsiku limenelo pa Limbuli panalibe njinga ya kabaza ndi imodzi yomwe. Zonse zinatsamira mpanda wa a Yakobo.

A Yakobo anayamba ndi mbiri ya banja la a Nakhumwa, kuchokera kumene linachokera. Anafotokoza mmene akamwini akale ankalimira. Ananena kuti mkamwini asamakule mwendo, ndipo anawonjezera kuti makolo sananene za mapiko chifukwa sanaganize kuti zidzafika pamenepo. Atatopa anafika pa nkhani.

"Funso ndi limodzi, bambo a Sharon. Munaona kapena simunaone?"

Edmundo anayang'ana nkhokwe. Anayang'ana kumpanda, kumene chipewa cha Kingstone chinkaonekera pamwamba pa udzu. Ndinamuponda chala. Anakhosomola, anaongola msana.

"Amalume," anatero kwa a Yakobo, "zimene ndinaona ndidzafa nazo. Sindidzauza munthu."

Iye ankaganiza kuti wapeza njira yapakati, yosunga apongozi ndi kabaza yemwe. Ananena mwaulemu, dzanja lili pachifuwa.

"Mayo ine!" analira mayi Ernestina.

"Piloto!" kunamveka kumpanda, ndi likhweru, ndi mabelu a njinga.

Ine ndinayamba kuganiza za kumene chikwama chake chikafikire, chifukwa kwanga malo ndi ochepa.

Joice anadzuka osapempha. Anapita ku nyumba kwake, anabwera ndi tochi. Anachotsa mwala pa dengu, anatulutsa kandege, anamasula kansanza, anamatula tepi. Diso lija analiika kumutu kwa tochi, anapotokola, linakwana. Anayatsa tochi masanasana n'kumuwalitsa mwamuna wake kumaso.

"Tochi yanga iyi," anatero. "Galasi lake ndalifuna chiyambire Epulo. Inu bambo a Sharon munati ataya ndi ana. Ndinamenya Sharon."

Kumpanda wina anagwa ndi njinga yomwe chifukwa cha kuseka.

"Nanga tayala lija?" anafunsa Kingstone mokweza, mawu ali a munthu woberedwa.

"Tayala lilipo, achimwene," anayankha mnzake. "Tonse timaliona tikamadutsa."

"Nanga pa foni ankaonapo chiyani?"

"Nkhope yake."

A Yakobo anawaopseza kuti awathira madzi. Sanachoke.

Ndinaona ngati mlandu watha. Ndinati popanda diso palibe kuona, popanda kuona palibe mlandu, chatsala ndi bodza, ndipo bodza tilipira nkhuku. A Yakobo anayamba kugwedeza mutu movomera. Mayi Ernestina anayankhula ali chifulatire.

"Joice, uwawuze anthuwa kuti ndamva. Galasi silinandione. Koma Limbuli yense wamva mkamwini wanga akunena ndi pakamwa pake kuti wandiona. Za tochi akumbukira mawa lokha. Zinazo adzauza ndi zidzukulu zawo. Ndikamapita kumsika azidzayang'ana tochi kapena ine?"

Joice anabwereza, ngakhale tonse tinali titamva. Mayi Ernestina ananena zoona.

A Yakobo anaimirira kuti agamule. Anati Edmundo ayambe wakhala kunja kwa mudzi. Agule malata, afolere bafa la apongozi ake ndi manja ake, osatuma munthu, kuti thukuta lake litsuke mawu ake. Akakhoma msomali womaliza abwerere m'nyumba mwake. Ndinavomera msanga. Chinali chigamulo chotheka.

"Joice," anatero mayi Ernestina, "uwawuze amalume ako kuti phazi la bambo a Sharon lisadzapondenso pafupi ndi bafa langa. Ndi pansi pomwe, ndi pamwamba pomwe."

"Achemwali, ndagamula kale," anatero a Yakobo.

"Bafa ndi langa."

"Mbumba ndi yanga."

"Mbumba yanuyo muzikasambamo."

Awiriwa anayamba kukangana ali ana, ndipo palibe amene anagonjapo. Ndinayesa njira zingapo. Ndinati tiitane kalipentala, Edmundo aime patali akuloza. A Yakobo anati anena kale kuti manja ake. Ndinati mayi Ernestina apite kwa mng'ono wawo ku Chitakale akachezeko, ntchito ichitike iwo kulibe. Anayankha kudzera mwa Joice kuti sangathawe pakhomo pawo chifukwa cha mkamwini, ndipo ngakhale atachoka, bafa litsala. Ndinati timange bafa lina pamalo pena. A Yakobo anati mlandu unachitikira pa bafa ili. Edmundo anatukula dzanja, amvekere denga atha kulikhomera ku shopu, n'kupanga kandege kakakulu kodzalitsitsa pamwamba iye ali patali. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa.

Tinabalalika dzuwa litapendeka, chigamulo chili chomwecho, chiletso chili chomwecho.

Sabata yotsatira azimayi a m'mudzimo anafolera mabafa awo, ena ndi udzu, ena ndi mapepala a pulasitiki, ena ndi masaka a feteleza. Anamva za tochi, koma anati wina adzabwera ndi diso lenileni. Mabafa tsopano ndi amdima ndipo sauma, azibambo akudandaula ndere pa miyala. Bafa lopanda denga latsala limodzi, la mayi Ernestina, chifukwa lili pa mlandu ndipo palibe wololedwa kulikhudza. Iwo sasambamonso. Amasamba m'nyumba ya Edmundo, m'chipinda chimene ankasungiramo zipangizo. Muli simenti, simulowa mphepo. Anauza Joice kuti msana wawo wayamba kupezako bwino.

Ku shopu ntchito siinachepe. Anthu amabwera kudzamuona n'kusiya mafoni. A kabaza anasiya zoti Piloto, amamuitana kuti a Tochi. Bambo wa kuseri kwa chigayo uja anasiya moni wa manja awiri. Wa nthochi uja anabwera kudzanena kuti nthochi zinali za ana. Kandege anamubwezera. Anakaumitsa mumpunga, anasintha mota imodzi, ndipo kamauluka. Amakaulutsa Lamlungu masana pa bwalo la sukulu, pa chingwe. Tsopano amadziwa kukabweza ngakhale katamuyang'ana.

Joice amabwera tsiku la msika ndi ana, amamusiyira ufa ndi mapeyala a mumtengo wake womwe. Amakhala pa benchi, amacheza, nthawi zina amaseka. Edmundo akafunsa za kubwerera, Joice amati afunse ankhoswe. Akandifunsa ine, ndimati ndikawaona a Yakobo. A Yakobo amati chigamulo chilipo kale, chatsala ndi kuchitsata.

Malata anagula, misomali yomwe. Anatumiza pa njinga ya Kingstone, chifukwa iye saloledwa kufika. Malatawo atsamira mtengo wa mapeyala, ndipo mvula yoyamba yawapeza pomwepo. Edmundo akugona pa mkeka kuseri kwa kauntala, pa Limbuli. Ankhoswe tidzakumananso tikakolola.